Mbawala ikalasidwa dzuwa litalowa: alenje a ku America ndi nkhandwe zotchedwa coyote

Chaka chilichonse, kuyambira mu Seputembala mpaka cha mu Januwale, alenje a ku United States amapha mbawala za mtundu wa white-tailed deer pafupifupi 6 miliyoni. Zambiri zimalasidwa mbandakucha kapena chisisira, poti ndi nthawi imene mbawalazi zimatuluka m'zitsamba kukadya. Yolasidwa m'mawa siivuta kwenikweni, mlenje amakhala ndi tsiku lonse loifunafuna. Ya chisisira ndiyo imabala nkhani. Mbawala yolasidwa kawirikawiri siigwa pomwepo. Imathamanga n'kukalowa m'nkhalango, mdima n'kugwa, mlenje n'kutsala ndi funso limene alenje a kumeneko amatsutsana nalo chaka ndi chaka: ailondole usiku womwewo, kapena adikire kuche? Akaithamangira akhoza kuidzutsa pamene yagona n'kuithawitsira kutali kosakaipezanso. Akadikira, kutchireko kuli coyote, ndipo iyo siidikira.

Coyote ndi nyama ya m'banja la agalu, mbale wake wa nkhandwe yathuyi, kungoti ndi yokulirapo ndiponso yamiyendo yaitali. Ya kumadzulo kwa dzikolo imalemera makilogalamu 10 mpaka 15, ya kum'mawa imafika 20. Kuyambira pano ndiziitchula kuti nkhandwe. Banja limodzi la nkhandwezi likapeza mbawala yakufa usiku, pofika m'mawa mlenje akhoza kungopeza mutu, chikopa, nthiti ndi fupa la msana. Ambiri akaona zimenezi amapsa mtima n'kulumbira kuti atha nkhandwe zonse za m'deralo. Ine ndikuona kuti mkwiyowo umalunjika posayenera. Nthawi zambiri nyama ija imakhala itatayika kale nkhandwe isanainunkhize n'komwe, pa zimene mlenje anasankha kuchita dzuwa lisanalowe.

Kuti timvetse chifukwa chake mbawala imodzi imauma nayo mtima chonchi, tiyambe ndi malamulo. Pofika chaka cha 1900 mbawalazi zinali zitatsala pang'ono kutha. Anthu ankazipha mwaunyinji n'kumatumiza nyama ndi zikopa pa sitima zapamtunda kukagulitsa m'mizinda, mpaka m'dziko lonselo munatsala zosapitirira 500,000. M'chaka chomwecho boma linakhazikitsa lamulo la Lacey Act loletsa kudutsitsa nyama yophedwa mosatsata malamulo kuchoka m'chigawo china kupita m'chigawo china. Zigawo nazo zinaletsa kugulitsa nyama yakutchire, zinaika nyengo zosakira ndi chiwerengero cha nyama zimene munthu mmodzi angaphe. Mu 1937 kunabwera lamulo la Pittman-Robertson, limene linalamula kuti ndalama za msonkho wa pa mfuti zosakira ndi zipolopolo zizisamalira nyama zakutchire. Lero mbawalazi zilipo pafupifupi 30 miliyoni. Koma malamulo aja alipobe. Mlenje amagula chiphaso, ndipo m'zigawo zambiri amapatsidwa kachizindikiro komangirira pa mbawala iliyonse imene wapha. Nyamayo sangagulitse, ndiponso sangapite pamsika kukagula ya mlenje mnzake. Mbawala yabwino imatulutsa mnofu wokwana makilogalamu 20 kapena kuposerapo, ndipo mabanja ambiri akumidzi amadya imeneyo mpaka nyengo yozizira ithe.

Nkhandwe nazo si zakale m'madera ambiri amene anthu amasakako mbawala. Kale zinkakhala m'zidikha ndi m'zipululu za kumadzulo ndi pakati pa dzikolo. Kum'mawa kunali mimbulu, ndipo mmbulu sulola nkhandwe pafupi: umaipha. Azungu atapha pafupifupi mimbulu yonse ya kum'mawako n'kugwetsa nkhalango kuti alime, njira inatseguka. Nkhandwe zina zinadzera kumpoto, m'chigawo cha Ontario ku Canada, kumene zinakwerana ndi mimbulu yotsala, n'chifukwa chake za kum'mawa zili zikuluzikulu. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1900 zinali zitakhazikika m'chigawo cha New York. Zina zinawoloka mtsinje wa Mississippi n'kufalikira m'zigawo za kumwera chakum'mawa kuyambira cha m'ma 1960. Lero zili m'chigawo chilichonse kupatula Hawaii, ndipo zimayenda ngakhale m'misewu ya Chicago ndi Los Angeles.

Mbiri imeneyi ikukhudza mlenje mwachindunji. Alenje ali ndi langizo lakale loti ukakayika za mmene walasira, bwerera kunyumba, udzafune m'mawa. Agogo a mlenje wa ku Georgia kapena South Carolina, zigawo za kumwera chakum'mawa, ankatsatira langizoli mtima uli m'malo, poti usiku wozizira nyama inkakhala pomwe yafera mpaka kuche, kunalibe woidya. Mdzukulu wawo walandira langizo lomwelo koma tchire lasintha. Kuwonjezera apo, nkhandwe zimaswa cha mu Epulo ndi Meyi, ndipo pofika Okutobala ana amakhala atakula ngati makolo awo koma ambiri akadali nawo limodzi. Nyengo yosaka mbawala imafika nkhandwe zazikulu zili zambiri kuposa nthawi ina iliyonse pachaka.

Zimene magazi amanena

Mlenje wa uta amakhala pa kansanja kamene wamangirira mumtengo, n'kudikira kuti mbawala ifike pafupi, mamita 20 kapena 30. Wa mfuti amatha kuwombera patali kuposa apo. Onsewa amalunjika pamalo amodzi: kumbuyo pang'ono kwa phewa, pamene pali mtima ndi mapapo. Muvi ukaboola mapapo onse awiri, mbawala imafa m'masekondi ochepa, ndipo kawirikawiri imagwa isanathamange mamita 100. Yotere siisowetsa tulo. Mlenje amadikira mphindi 30, amatsika, amayatsa tochi, amaipeza.

Vuto limabwera muvi ukalowa chakumbuyo. Kusiyana kwake n'kochepa zedi, mwina kutalika kwa chikhatho chimodzi. Mbawala ikaponda phazi limodzi kutsogolo pamene muvi ukuchoka pa uta, umene unkapita m'mapapo umakalowa m'chiwindi kapena m'chifu. Ndiye mlenje wanzeru akatsika mumtengo sayamba n'kuthamanga. Amapita pamalo pamene mbawala inaima, amagwada, n'kuyang'ana masamba ndi muvi ngati wautola. Magazi ofiira mowala okhala ndi tithovu ting'onoting'ono ndi a m'mapapo. Magazi ofiira moderako, olemera, opanda thovu, amasonyeza chiwindi: mbawalayo ifa ndithu, koma ipatsidwe maola anayi kapena kuposerapo. Muvi ukakhala ndi zonanda zobiriwira kapena zofiirira, tizidutswa ta udzu wotafunidwa, ndi fungo la m'mimba, ndiye kuti walowa m'chifu kapena m'matumbo. Aliyense amene anatumbulapo mbuzi mpeni n'kuterereka kuboola chifu akulidziwa fungo limeneli. Ubweya nawo umanena zake: woyera ndi wa kumimba kapena kunsi kwa mchira, wofiirira ndi wa m'nthiti ndi kumsana.

Mmene mbawala yachokera pamalopo zimathandizanso. Yolasidwa mumtima nthawi zambiri imadumpha n'kuponya miyendo yakumbuyo m'mwamba, kenako liwiro la mtondo wadooka. Yolasidwa m'mimba imapinda msana, imathamanga pang'ono, kenako imayamba kuyenda mwapang'onopang'ono mutu uli pansi. Imafuna pogona msanga, nthawi zambiri m'zitsamba zowirira kapena pafupi ndi madzi, ndipo ikapanda kusokonezedwa imagona pafupi, mkati mwa mamita 200. Chimene chimaipha si kutaya magazi kokha ayi, koma zonyansa za m'chifu zimene zatayikira m'kati mwa thupi n'kuwononga magazi. Zimenezi zimatenga maola 8 mpaka 12, nthawi zina kuposa. Ndi imfa yowawa, ndipo mlenje amene amalemekeza nyama imene amadya sagona bwino usiku umenewo.

Chifukwa chodikirira n'chakuti mbawala yotere imakhalabe ndi mphamvu m'miyendo. Ikamva mapazi kapena kuona tochi imadzuka n'kuthamanga kilomita yathunthu kapena kupitirira. Bala la m'mimba silidontha magazi ambiri panja, poti mafuta ndi matumbo amatseka chiboo, choncho ikadzuka siisiya cholondola. Ikhoza kuwoloka mtsinje kapena kulowa m'munda wa munthu wina, ndipo m'zigawo zambiri za ku America kulowa pamalo a mwini popanda chilolezo ndi mlandu, ngakhale ukutsata nyama yako. Ikafera kumeneko, mlenje wataya yonse, ndipo nkhandwe zidyabe. Apa m'pamene kuona maso a nkhono kumafunadi kudekha.

Koma pamene mlenje akudikira, zinthu zina zitatu zimakhala zikuyenda. Choyamba ndi nkhandwe, ndipo fungo la m'mimba ndi limene limaziitana msanga kuposa lina lililonse. Zikaipeza mbawala isanafe, zimatha kuidzutsa n'kuithamangitsa, kapena kuimaliza zokha. Chachiwiri ndi kutentha. Nyama imasungika bwino kukazizira kufika madigiri 4 kapena kutsika. Nyengo yosaka ndi uta imayamba kudakali kotentha, makamaka kumwera, ndipo mbawala yofa pakati pa usiku yosatumbulidwa imayamba kuwonongeka kusanache. Ngakhale kunja kuzizire, ubweya wake umasunga kutentha m'kati, ndipo mbali imene yagonera pansi, khosi ndi m'kati mwa ntchafu pafupi ndi fupa ndi zimene zimayamba kusasa. Chachitatu ndi mvula, imene imatsuka timagazi tochepa tija pamasamba.

Palibe yankho limodzi lokwanira usiku uliwonse, koma maganizo anga ndi awa. Ngati zizindikiro zikusonyeza mapapo kapena mtima, kusiya mbawala mpaka m'mawa m'dera la nkhandwe ndi ulesi chabe, iyenera kutengedwa usiku womwewo. Ngati ndi chiwindi, mlenje adikire maola ake anayi kapena asanu, abwerere ndi mnzake pakati pa usiku, osati kukagona. Ngati ndi m'mimba, kudikira ndiko kwabwino ngakhale nkhandwe zikulira kutsidya, chifukwa nyama yodyedwa mbali imodzi ili bwino kusiyana ndi yosowa yonse itazunzika kawiri. Koma kudikira maola 8 kuchokera chisisira kumathera cha m'ma 2 kapena 3 koloko usiku, osati 8 koloko m'mawa munthu atamwa khofi. Maola apakatipo ndi amene nyama zambiri zimatayikira.

Nkhandwe zikafika mlenje asanafike

Nkhandwe zili ndi kadyedwe kake kodziwika. Zimayambira kumbuyo, pansi pa mchira, pamene chikopa chili chofewa, kapena pa bala ngati lili lotseguka. Zimatsegula mimba, zimadya chiwindi ndi zam'kati zina, chifu zimachikokera pambali, kenako zimalowa m'ntchafu. Mlenje akafika m'mawa amapeza ubweya utamwazika ponseponse, udzu utapondedwa mozungulira, nthiti zitatafunidwa kunsonga, ndipo nthawi zina mwendo wonse utakokeredwa m'tchire. Chopweteka n'chakuti ntchafu ziwirizo ndi pamene pali nyama yambiri pa mbawala. Nkhandwe imodzi kapena ziwiri zimatha kudya ntchafu imodzi n'kuchoka. Zikakhala zisanu, sipatsala choti munthu anyamule.

Kodi yotsalayo n'kudya? Nthawi zambiri inde, ngati yadyedwa mbali imodzi ndipo kunazizira. Mlenje amavala magolovesi, amadula n'kutaya paliponse pamene mano afika, n'kudulanso mozungulira mowolowa manja, osaumira. Mapewa, khosi ndi minofu iwiri yaitali ya m'mbali mwa msana, imene alenje amaikonda kuposa ina yonse, kawirikawiri imakhala itatetezedwa ndi chikopa. Magolovesiwo si mwambo chabe. Nkhandwe ikhoza kukhala ndi chiwewe, ndipo malovu ake aawisi akakhudza bala la padzanja ndi zoopsa. Ndowe zake nazo zimatha kukhala ndi mazira a njoka zam'mimba za mtundu wa Echinococcus, zimene zimawononga chiwindi cha munthu, ndipo nkhandwe zimakonda kuchita chimbudzi pafupi ndi chakudya chawo. Nyama yopulumutsidwa motere iphikidwe mpaka ipse m'kati, madigiri 71. Koma ngati mimba yatupa, mnofu wayamba kubiriwira, kapena pafupi ndi fupa pakumveka fungo losasa, palibenso chokambirana, yonse ndi yotaya. Nthawi zambiri chimene chaiwononga pamenepo ndi kutentha, osati nkhandwe.

Pali nkhani ina yosiyana ndi imeneyi: mbawala yapezeka usiku, koma ili kutali ndi msewu, mlenje ali yekha, sangathe kuitulutsa mpaka m'mawa. Apa pali zambiri zoti achite. Choyamba ndi kuitumbula pomwepo kuti kutentha kutuluke, n'kuika kamtengo pakati pa nthiti kuti mphepo izilowa. Kenako aikokere kutali ndi matumbowo, mamita 100 ngati n'kotheka, kuti nkhandwe zikabwera ziyambe zatanganidwa ndi chakudya chosavutacho. Akakhala ndi chingwe aipachike mumtengo, mbali yakumunsi italikire pansi mamita awiri. Alenje a kumapiri a kumadzulo, amene amasaka nyama zikuluzikulu kutali ndi misewu, anazolowera njira ina: amasenda mbali imodzi, amachotsa miyendo ndi minofu ya msana, amatembenuza n'kuchitanso chimodzimodzi, amaika nyamayo m'matumba a nsalu n'kuipachika kapena kuinyamula kumsana. Alenje a kum'mawa ayamba kutengera njirayi kumene malamulo amalola. Kumapiri a Montana ndi Wyoming amaopanso zimbalangondo, ndipo kumeneko munthu pobwerera m'mawa amayamba wayang'ana nyama yake ali patali, chifukwa chimbalangondo chikaitenga n'kukhala yake chimatha kupha munthu.

Ena amaphimba nyama ndi jekete kapena malaya a thukuta, ena amakodza mozungulira, ena amasiya nyali yoyaka kapena kawayilesi kakulira. Zimenezi zili ndi maziko ake, poti nkhandwe yakutchire imachita mantha ndi chinthu chachilendo ndipo imatha kuzungulira maola angapo isanayandikire. Koma si zoti munthu n'kuikapo mtima. Nkhandwe yokulira m'mphepete mwa tauni, imene imadya m'mabini ndi kudutsa pamakomo a anthu usiku uliwonse, fungo la malaya siliiopsa. Malaya amathandiza kwa ola limodzi kapena awiri pamene munthu wapita kukatenga galimoto kapena kukaitana anzake. Kwa usiku wonse, chingwe ndi mtengo ndizo zodalirika.

Chimene chasinthadi zinthu pa mbawala yosowa ndi galu. Ku Germany kulondola nyama yovulala ndi galu wophunzitsidwa ndi mwambo wakale, koma ku America zigawo zambiri zinkaletsa galu aliyense pa ulenje wa mbawala, pokumbukira nthawi imene anthu ankazithamangitsa ndi agalu mpaka kutsala pang'ono kuzitha. John Jeanneney wa ku New York, amene ankaweta tiagalu tamiyendo yaifupi ta mtundu wa dachshund, analimbikira kwa zaka zambiri ndi anzake a bungwe la Deer Search mpaka chigawo chawo chinaloleza mu 1986 kulondola nyama yovulala ndi galu womangidwa pa chingwe. Zigawo zina zinatsatira pang'onopang'ono, Pennsylvania inaloleza mu 2018, ndipo lero zambiri zimalola. Galu wotere safuna magazi ooneka ndi maso. Amatsata fungo la mbawala imodziyo, lochokera pakati pa ziboda zake, ngakhale patapita tsiku lathunthu, ndipo kamvula kochepa sikamusokoneza. Eni agaluwa amadandaula chinthu chimodzi kawirikawiri: amaitanidwa mochedwa, mlenje ndi anzake atapondaponda kale tchire lonse n'kumwaza fungo ndi nsapato zawo. Kwabweranso tindege topanda munthu tokhala ndi makamera oona kutentha kwa thupi usiku. Zigawo zina zimatilola pofuna nyama yolasidwa, zina zimakana poopa kuti anthu azisakira nato nyama zamoyo.

Nanga kachizindikiro komangirira pa mbawala kaja? M'zigawo zambiri mbawala imene wapha ndi yako, idyedwe isadyedwe, ndipo iwerengedwa pa chiwerengero chako. Kwina mlonda wa nyama zakutchire akaitanidwa n'kuona yekha amatha kupereka kena, kwina sizitheka. Pali alenje amene amangodula nyanga n'kuchoka, kapena kungotembenuka ngati sanaone kanthu, mawa n'kukapha ina. Kumeneku n'kulakwa, ndipo zigawo zambiri zili ndi malamulo oletsa kusiya nyama yodyeka kutchire. Akatswiri amene amaika chiwerengero cha chaka chamawa amadalira malipoti a alenje. Munthu wopha ziwiri n'kulemba imodzi akubera anzake, ndiponso akubera mbawala zomwezo.

Kodi kupha nkhandwe kumathandiza?

Mlenje wopeza nkhandwe pa nyama yake amafuna kuiwombera pomwepo, ndipo m'zigawo zambiri masana lamulo limamulola, poti nyengo yosaka nkhandwe ndi yaitali, kwina chaka chonse. Usiku malamulo ake ndi ena, ndipo kwina ngakhale kunyamula mfuti polondola mbawala mumdima n'koletsedwa. Koma funso lalikulu ndi loti kuzipha kumachepetsa vutoli kapena ayi, ndipo America yakhala ikuyesa zimenezi kwa zaka zoposa 100, ndi misampha, poizoni, ndege ndi mphotho. Nthambi ya boma ya Wildlife Services yokha imapha nkhandwe pafupifupi 60,000 pachaka, makamaka poteteza nkhosa ndi ana a ng'ombe, ndipo anthu wamba amapha zochuluka kuposa apo. Chigawo cha Utah chinayamba mu 2012 kulipira madola 50 pa nkhandwe iliyonse yophedwa. M'zaka 100 zomwezo nkhandwe zafalikira kuchokera ku Alaska mpaka ku Panama.

Chifukwa chake chili m'kakhalidwe kawo. Banja lililonse lili ndi dera lake limene limateteza, ndipo kunja kwa maderawo kumayendayenda nkhandwe zopanda malo zimene zikungodikira mpata. Ukapha eni dera, pakangopita milungu yochepa zina zalowamo. Zikachepa, chakudya chimachuluka kwa zotsalazo, ana ambiri amapulumuka, ndipo zazikazi zazing'ono zimayamba kuswa msanga. Mu 1975 akatswiri awiri, Guy Connolly ndi William Longhurst, anawerengera kuti pofuna kuzitheratu pangafunike kupha 75 mwa 100 zilizonse chaka ndi chaka kwa zaka zoposa 50.

Sindikunena kuti nkhandwe zilibe mlandu pa mbawala. Zili nawo, koma waukulu uli pa ana, osati pa nyama ya mlenje. John Kilgo ndi anzake anafufuza zimenezi pamalo otchedwa Savannah River Site ku South Carolina kuyambira 2006 mpaka 2009. Anaveka ana a mbawala ongobadwa kumene timakina towalondolera, ndipo anapeza kuti mwa anayi alionse mmodzi yekha ndi amene ankapulumuka miyezi yoyambirira, nkhandwe n'zimene zinkapha ambiri. Kenako kwa zaka zitatu analemba akatswiri otchera misampha amene anachotsa nkhandwe mazanamazana pamalopo. Zotsatira zake zinali zosakhazikika: chaka china ana opulumuka anachuluka, chaka china ayi, ndipo phindu lonse linali lochepa poyerekeza ndi ntchito ndi ndalama zimene zinalowa. Ofufuzawo anaona kuti chimene anthu angathe kuchiwongolera mosavuta ndi chiwerengero cha mbawala zazikazi zimene alenje amapha. Ngati akatswiri ogwira ntchito nyengo yonse anapeza zochepa chonchi, munthu wowombera nkhandwe ziwiri pa Loweruka chifukwa cha ukali sasintha kanthu pa usiku wotsatira umene adzasiye mbawala kutchire.

Chimene angasinthe ndi kuwombera kwake. Mphindi 10 zomaliza za kuwala ndi zimene mbawala yaikulu yanyanga imakonda kutulukira, ndiponso ndi nthawi imene diso siliona bwino pamene muvi walowa. Kukakhala kotentha, mvula ikubwera, nkhandwe zinamveka dzulo lake, ndipo mbawala yaima mopendekera moyang'ana mlenje kapena ikuyenda, kuileka ipite ndi nzeru. N'zovuta kwa munthu amene wakhala mumtengo kuyambira masana, wazizidwa, ndipo mwina sadzaionanso. Komabe amene amawombera panthawi yotere akuyembekeza mwayi, ndipo mwayiwo ukalephera amene amavutika usiku wonse ndi mbawala. Nambala ya foni ya mwini galu iyenera kukhala m'thumba nyengo isanayambe, chilolezo cha eni minda yoyandikana chipemphedwe kale, chingwe ndi tochi yabwino zikhale m'chikwama.

Ngakhale zonse ziyende bwino, mlenje amasiyabe chakudya kutchire. Milu ya matumbo mamiliyoni angapo imatsala m'nkhalango chaka chilichonse, ndipo imadyetsa nkhandwe, akhwangwala, miimba ndi ziwombankhanga pamene nyengo yozizira ikuyamba. Apa pali zinthu ziwiri zofuna kusamala. Choyamba ndi matenda a mbawala otchedwa chronic wasting disease, amene anaoneka koyamba ku Colorado mu 1967 ndipo tsopano ali m'zigawo zoposa 30. Amawononga ubongo, alibe mankhwala, ndipo chimene chimawayambitsa chimakhala m'dothi zaka zambiri. Ofufuza anapeza kuti chimadutsa m'mimba mwa nkhandwe n'kutuluka chidakali ndi mphamvu. N'chifukwa chake zigawo zokhudzidwa zimaletsa kunyamula mutu ndi fupa la msana kupita nazo kwina, ndipo a zaumoyo amalangiza kuyezetsa nyamayo ndi kusadya yopezeka ndi matendawa.

Chachiwiri ndi mtovu. Chipolopolo cha mtovu chikamenya fupa chimanyenyeka n'kumwaza tizidutswa tambirimbiri m'mapapo ndi m'matumbo, tina tosaoneka ndi maso. Mbalame n'zimene zimavulala nato kwambiri. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu 2022, atayeza ziwombankhanga 1,210 m'zigawo 38, anapeza kuti pafupifupi theka zinali ndi mtovu wambiri m'mafupa, ndipo wa m'magazi unkakwera m'miyezi yotsatira nyengo yosaka. Mbawala yosowa, yokhala ndi chipolopolo m'thupi, ndiyo yoopsa kwambiri kwa mbalamezi. California inaletsa zipolopolo za mtovu pa ulenje uliwonse kuyambira pa 1 Julayi 2019, makamaka pofuna kupulumutsa miimba yaikulu yotchedwa condor. M'zigawo zina alenje akusintha mwa kufuna kwawo n'kuyamba kugwiritsa ntchito zipolopolo za mkuwa. N'zodulirapo, ndipo mfuti imafunika kuiyesanso kuti izilunjika bwino nazo. Koma sizinyenyeka, ndipo kawirikawiri zimaboola n'kutulukira mbali inayo. Mabala awiri amadontha magazi ambiri kuposa limodzi, ndipo munthu wolondola ndi tochi usiku amaipeza mbawalayo msanga.